Miyezi 9 ndikusaka zikho za platinum m'timagemu totchipa todumphadumpha

Chimene chinandilowetsa m'timagemu timeneti poyamba sichinali zikho ayi, inali bandulo. Nditagula PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinapeza kuti gemu yaikulu imafuna 50 GB kapena kuposa pamenepo, pomwe timagemu todumphadumphati tambiri sitifika ndi 1 GB yomwe, ndipo mtengo wake ndi madola 5 kutsika m'munsi. Kuno kwathu PlayStation Store ilibe akaunti ya Malawi, choncho ndinatsegula ya ku South Africa n'kumagulira makadi. Ndalama ya khadi limodzi inkandikwanira timagemu tingapo. Chinanso, magetsi akakhala osadalirika, gemu yotha pa ola limodzi imakupatsa mtendere mumtima.

Kenako zikho zinandigwira. Kwa amene sazidziwa bwino, zikhozi (trophies) ndi mphotho zimene gemu imakupatsa ukakwaniritsa zinazake m'katimo. Sony inaziyambitsa mu 2008 pa PS3, kutsatira Xbox 360 yomwe inabwera ndi mapointi ake otchedwa Gamerscore mu 2005. Chikho cha bronze chimapatsa mapointi 15, silver 30, gold 90, ndipo platinum, yomwe umalandira ukatolera zina zonse, inakwezedwa kuchoka pa 180 kufika pa 300 mu 2020. Mapointiwo sasankha. Platinum yokhetsera thukuta maola 100 ndi ya mphindi 40 zimawerengedwa chimodzimodzi. N'chifukwa chake osaka zikho amakonda magemu a Ratalaika Games ya ku Spain ndi eastasiasoft ya ku Hong Kong, omwe platinum yake imapezeka msanga. Komanso gemu imodzi yomweyo imatha kukhala ndi mndandanda wa zikho wosiyana ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, winanso pa PS5, moti munthu amaigula kangapo n'kutenga platinum kangaponso. Ine ndinachita zimenezi kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinkangodina padi (chowongolera gemu) maso ali pa foni. Sindinabwerezenso.

Miyezi itatu yoyamba inali yokoma, sindinama. Kamawu kamene kamalira chikho chikatuluka pakona ya sikirini kankandichotsa kutopa kwa kuntchito. Ndipo magemu ena ndi abwinodi, ndimawayamikira mpaka lero. 36 Fragments of Midnight ndi imodzi mwa magemu amenewa. Umayendetsa kanthu koyera kowala mumdima, kutolera tizidutswa 36 ta nyenyezi pakati pa macheka ozungulira ndi minga. Ukangokhudza cheka kapena munga, basi, wayambiranso, ndipo njira yasintha. Tsiku lina ndinali ndi tizidutswa 34, manja ali thukuta lokhalokha, ndinadumpha mofulumira pang'ono chabe, cheka n'kundidula. Ndinakhala duu kwa kanthawi, kenako ndinayambiranso mosanyinyirika. Pamenepo ndinkasewera gemu, osati kusaka chikho.

Vuto linayamba kuoneka cha m'mwezi wachisanu, ndipo amene anandionetsa ndi mwana wa achemwali anga wa zaka 7. Tinkasewera Jack N' Jill DX, gemu ya batani limodzi, yamtundu wotuwa ngati ya pa Game Boy yakale. Kamunthu kake kamathamanga kokha, kakagunda khoma kamatembenuka, iwe ntchito yako ndi kudumpha pa nthawi yake. Kwa mwana palibe yoposa imeneyi. Tinkasinthana padi siteji iliyonse, iye atakhala pamkeka pafupi kwambiri ndi TV, lilime lili panja akamadumpha. Platinum itatuluka, ine ndinadina kubwerera ku menyu kuti ndione gemu yotsatira. Mwanayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, mwatsekeranji? Sitinamalizetu." Ankanena zoona. Masiteji ambirimbiri anali asanakhudzidwe. Usiku umenewo ndinayang'ana mndandanda wanga wonse, ndipo mwa magemu 23 amene ndinali nditatengamo platinum, amene ndinawasewera mpaka kumapeto anali 6 okha. Zinandipweteka, chifukwa pali anthu amene anakhala pansi kukonza masiteji omalizawo, nthawi zambiri ndi amene amakhala okoma kwambiri, ine osawaona n'komwe.

Palinso gulu lina limene sindilitchula maina, lomwe ndimadandaula kuti ndinatayirapo ndalama. Umangodina batani kambirimbiri, chithunzi n'kumadumpha, zikho n'kumagwa ngati mango akupsa, mphindi zisanu zonse zatha. Amenewo si magemu, ndipo sindikumbukira kalikonse za iwo. Pa webusaiti ya PSNProfiles, pomwe amaonetsa kuchuluka kwa anthu amene ali ndi chikho chilichonse, ma platinum oterewa pafupifupi aliyense wogula ali nawo. Anzanga osewera akaona mndandanda wanga amadziwiratu kuti awa ndi ogula, awa ndi ovutikira.

Kodi ndingalimbikitse munthu kuyamba? Ngati muli ndi bandulo yochepa, nthawi yochepa, kapena mwana amene akuphunzira kugwira padi, timagemu todumphadumphati n'toyenera ndalama yake, makamaka mukadikira nthawi yotsitsa mitengo. Koma musanagule, onerani kaye kavidiyo ka masiteji apakati, osati ka zikho. Mukaona kuti mungapitirize kusewera platinum itatuluka kale, gulani. Mukaona kuti chokukokani ndi chikho chokha, ndalamayo isungeni, muphatikize ndi ya mwezi wamawa mugule Celeste, yomwe ndi yovuta zedi koma inandibwezera chimwemwe chodumpha chimene chinayamba kuzirala.

Miyezi iwiri yapitayi sindinagule gemu yatsopano. Ndikubwerera m'magemu 17 amene sindinawamalize aja imodziimodzi, ndipo uthenga wa zikho ndinauzimitsa kuti usamatulukire pa sikirini. Jack N' Jill DX tikuipitiriza Loweruka lililonse mwana uja akabwera. Pali siteji ina imene yatikanika masabata awiri tsopano, ndipo iye wandiletsa kuiyesa ndekha iye kulibe.