Sopo wa amayi apamsika uja, thovu lochepa koma amachotsa

Ine ndinakula ndikudziwa kuti sopo wabwino ndi wathovu basi. Kunyumba akati "kagule sopo wathovu" ndiye kuti akunena Sunlight kapena Boom, wina aliyense tinkangoti feki. Nde mwezi watha ndalama zitavuta ndinagula sopo wamtali wopangidwa pamanja kwa gulu lina la amayi pamsika wathu, amadula ndi mpeni iwe ukuona, fungo lake ngati mafuta ophikira, mtundu wake wotuwa-tuwa osasangalatsa olo pang'ono.

Tsiku loyamba ndinakhumudwa zedi, ndapaka pa kolala ya yunifolomu ya mwana, ndafikisa ndafikisa thovu osaoneka, madzi angochita mbuu ngati muli phala ndipo pamwamba pa beseni pakuyandama zoyera-yera zomata. Ndinabwerera kukadandaula. Mayi wina anandifunsa kuti "madzi mumatunga kuti achemwali?" ndati pamjigo, iwo kuseka. Eti madzi a pamjigo ambiri ndi olimba, ali ndi calcium ndi magnesium, zimenezi zimagwirana ndi sopo weniweni nkupanga zomata zija mmalo mwa thovu, pomwe sopo waufa ndi Boom anawapanga mwanjira ina, amatulutsa thovu olo madzi akhale otani. Anthu aku Chikwawa ndi Nsanje komwe mijigo ina imatuluka madzi amchere akudziwa bwino zimenezi.

Ndinayesa ndi madzi amvula omwe tinatchera mu diramu, aaa thovu linabwera, osati lambiri koma linabwera, ndipo kolala ija inayera mbee.

Chomwe ndamukondera kwambiri ndi kutsukuluza. Mukudziwa zija umamwa tiyi kwa eni ake nkumamva kuti kapu ikukoma sopo koma sunganene, umangomeza mwaulemu? Kapena thawulo lasopo loterera lija loti walitsukuluza kawiri koma likadali choncho? Uyu ayi, kamodzi kawiri zatheka, kwa ife otunga madzi pamutu imeneyo si nkhani yaying'ono.

Koma pali vuto, ndinene. Mtanda wachiwiri womwe ndinagula unali wofewa, ukadina chala chimalowa, ndipo unandiwotcha manja mpaka khungu la pakati pa zala kusupuka. Sopo ngati ameneyu wopangidwa ndi caustic soda (mankhwala owotcha khungu omwe amasakaniza ndi mafuta popanga sopo) amafunika akhale masabata 4 mpaka 6 kuti aume nkukhwima, awa akuoneka anathamangira kugulitsa. Nde pogula mudine kaye, ngati ali wofewa musiyeni, kapena mukamuike pawindo milungu ingapo. Kusambira sindinayese ndipo mwana sindingamusambitse ameneyu.

Kuchapira zitenje, matewera ndi kutsuka mapoto ndimupatsa 7 pa 10. Amuna anga akadali kudandaula kuti m'beseni simukuoneka thovu ndiye kuti zovala sizinachapidwe, ndawauza kuti Loweruka likubwerali achape okha tione.