Ndege zovuulidwa m'nyanja ya Michigan: ndemanga ya National Naval Aviation Museum ku Pensacola

Nyumba yosungiramo ndege zakale ya National Naval Aviation Museum ili mkati mwa malo a asilikali apamadzi ku Pensacola, m'chigawo cha Florida ku America, ndipo muli ndege zoposa 150. Kulowa n'kwaulere, koma popeza malowa ndi a asilikali, pachipata amafunsa chiphaso, ndipo mlendo wochokera kunja ayenera kufufuziratu malamulo olowera asanakonze ulendo. Ambiri amapitako kukaonerera ndege za Blue Angels, gulu la asilikali apamadzi loonetsa luso loulutsa ndege, zikuyeserera mumlengalenga, koma kwa ine chuma chenicheni cha nyumbayi ndi ndege zimene zinagona pansi pa madzi zaka pafupifupi 50.

Chodabwitsa n'chakuti ndegezi sizinagwetsedwe ndi mdani, ndipo zinamira kutali kwambiri ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a America ankaopa kuphunzitsira achinyamata kutera pasitima m'nyanja zamchere chifukwa cha sitima zoyenda pansi pa madzi za Germany ndi Japan. Motero anatenga sitima ziwiri zonyamula anthu, zoyendera malasha, n'kuzimangira bwalo loterapo ndege pamwamba. Imodzi, yotchedwa USS Wolverine, inayamba ntchito mu 1942, inayo, USS Sable, mu 1943, ndipo zinkanyamukira ku Chicago kukayandama m'nyanja ya Michigan. Oyendetsa ndege pafupifupi 17,000 anaphunzira pamenepo, kuphatikizapo George H. W. Bush amene anadzakhala pulezidenti. Bwalolo linali lalifupi, sitimazo zinali zosathamanga, ndipo tsiku lopanda mphepo kutera kunali kovuta zedi, mwakuti ndege zoposa 100 zinathera m'madzi, ngakhale kuti ambiri mwa oyendetsawo anapulumutsidwa.

Chipinda chimene ndikulangiza aliyense kuyambira ndi chotchedwa Sunken Treasures. Muli chimdima chobiriwira, ndipo ndege ya Wildcat ndi ya Dauntless azigoneka pamchenga mmene anazipezera pansi pa nyanja, osazikonza. Munthu ukayandikira umaona utoto wosuwuka, dzimbiri m'mbali mwa injini ndi zitsulo zimene zinapindika ndegeyo itamenya madzi. Apa m'pamene umamvetsa chifukwa chake nyanja ya Michigan inasunga zambiri chotere: madzi ake ndi ozizira, opanda mchere, ndipo pansi pake kuwala sikufika. Ndege yomira m'madzi amchere imadyeka msanga, moti ikavuulidwa popanda kuitsuka mosamala imangofumbutuka ngati khasu lakale lofukulidwa m'dimba.

Ndege yodziwika kwambiri pa zovuulidwazi ndi Dauntless ya nambala 2106. Inalipo ku Pearl Harbor pa 7 December 1941, tsiku limene Japan inaukira doko la asilikali a America limeneli ku Hawaii, inamenya nkhondo ya Midway mu June 1942 n'kubwerako ndi mabowo a zipolopolo oposa 200, kenako inatumizidwa kukaphunzitsira ndipo inamira mu 1943. Anaivuula m'zaka za m'ma 1990 n'kuikonza mwaluso. Ntchitoyo ndi yaukadaulo ndithu, komabe maganizo anga ndi akuti ndege yokonzedwa kwambiri imataya mbali ina ya mbiri yake, chifukwa mlendo amene sanawerenge chikwangwani angaidutse poganiza kuti ndi imodzi chabe mwa ndege zopakidwa bwino zimene zadzaza holo yonseyo. N'chifukwa chake ndi bwino kuyenda ndi otsogolera alendo, omwe ambiri ndi asilikali opuma pantchito ndipo amaidziwa bwino nkhani ya ndege iliyonse. Musaiwalenso kufunsa za ndege ya Vindicator, yomwe ndi yokhayo ya mtundu wake imene yatsala padziko lonse, ndipo nayonso inachokera m'nyanja yomweyo.

Nyumbayi imathandizanso kumvetsa kuti kuvuula ndege si nkhani ya aliyense amene ali ndi bwato ndi zingwe. Ndege yankhondo ya America ikamira imakhalabe katundu wa boma, ndipo lamulo la mu 2004 linalimbitsa zimenezi, kotero zambiri zinavuulidwa ndi kampani ya A and T Recovery mogwirizana ndi asilikali apamadzi. Zina mwa izo anazibwereketsa kwina, monga Wildcat imene ili pabwalo la ndege la O'Hare ku Chicago. Zimene zatsalira m'madzi zili pangozi, pakuti tinkhono tachilendo totchedwa quagga tinalowa m'nyanjayi ndipo tikumatirira pa ndegezo n'kumaziwononga.

Wofuna kuona zonse mosathamanga apatule tsiku lathunthu ndipo avale nsapato zomasuka, chifukwa mtunda woyenda m'nyumbamo ndi wautali.