Chitetezo cha IDX kwa oberedwa zinsinsi ku OPM: pomwe chathandiza ndi pomwe chaperewera

Boma la United States linalemba kampani ya ID Experts, imene pano ikutchedwa IDX, kuti iteteze anthu oberedwa zinsinsi, mu Sepitembala 2015 pa mtengo wa madola 133 miliyoni, akuba a pa intaneti atathyola makompyuta a Office of Personnel Management (OPM), ofesi yosunga mafayilo a ogwira ntchito m'boma. Zinsinsi za anthu 21.5 miliyoni zinapita, pamodzi ndi zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Mwa anthuwa, 1.8 miliyoni sanafunsire ntchito n'komwe: ambiri anali akazi, amuna kapena okhala nawo a ofunsirawo. Papita zaka zokwanira kuti ntchito ya kampaniyi tiiweruze.

Kulembetsa kunali kosavuta. Kalata ya boma inabwera ndi nambala yachinsinsi ya manambala 25, ndipo munthu ankawonjezerapo manambala anayi omaliza a Social Security, nambala ya boma yozindikiritsa munthu. Mukalowa, kampaniyi imayang'anira mafayilo anu a ngongole ku Equifax, Experian ndi TransUnion, makampani atatu osunga mbiri ya ngongole za anthu, n'kumafufuzanso ngati dzina lanu likugulitsidwa m'misika yobisika ya pa intaneti.

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Uthenga wochenjeza umafika wina atafunsira kale ngongole m'dzina lanu. Ndi galu wouwa mbava italowa kale m'nyumba. Komanso mauthenga ambiri amakhala a zinthu zanu zomwe, monga khadi la ngongole limene mwatsegula nokha, kapena a imelo yanu yomwe inatuluka pa kuba kwina kwakale. Pakatha miyezi ingapo munthu amatopa n'kusiya kuwatsegula, ndiye wofunikawo umadutsa osauona. Nzeru yake ndi kuwerenga uliwonse tsiku lomwelo ndi kufunsa funso limodzi: kodi akaunti iyi ndatsegula ndine?

Chotchinga chenicheni ndi credit freeze, kutseka fayilo ya ngongole, ndipo IDX singakuchitireni. Chiyambire pa 21 Sepitembala 2018 kutseka n'kwaulere. Muyenera kutero ku makampani onse atatu, iliyonse payokha. Kutseka awiri n'kusiya imodzi ndi ntchito yachabe, chifukwa simudziwa kumene banki ikafunse. Mukapempha pa intaneti kapena pafoni, lamulo limati atseke pasanathe tsiku limodzi la ntchito, ndipo mukafuna ngongole atsegule pasanathe ola. Sungani bwino mawu achinsinsi a maakaunti atatuwo, poti akatayika mumakatulukira muli kale pa kauntala pogula galimoto. Ana osakwana zaka 16 makolo angawatsekere, koma zimenezo zimayenda ndi mapepala.

Inshuwalansi ya m'ndondomekoyi inayamba ndi madola 1 miliyoni, kenako nyumba ya malamulo ya Congress inaikweza kufika 5 miliyoni n'kutalikitsa chitetezo mpaka Sepitembala 2026. Musatengeke nayo nambalayo. Ofesi yofufuza za ndalama za boma ya GAO inanena mu 2017 kuti ndalama yotere ndi yoposa muyeso, chifukwa zimene anthu amapempha kawirikawiri sizipitirira madola masauzande ochepa. Gawo lopindulitsa ndi la anthu okuthandizani kukonza dzina likaipitsidwa: kulemba makalata ku mabanki ndi kutsutsa ngongole zabodza. Chifukwa cha gawo limeneli, kukhalabe m'ndondomekoyi n'koyenera, makamaka poti simulipira.

Pali zimene kuyang'anira ngongole sikuona. Wina akalemba fomu ya msonkho m'dzina lanu kuti alandire ndalama zobwezedwa, fayilo ya ngongole sisintha. Chotsekera chake ndi IP PIN, nambala yachinsinsi ya ku bungwe la misonkho la IRS, ya manambala 6, yosinthidwa chaka chilichonse, ndipo kuyambira 2021 aliyense angaipemphe.

Vuto lalikulu ndi fomu ya SF-86 imene akubawo anatenga, ya masamba 127 pa nthawiyo, yomwe munthu wofufuzidwa mbiri ndi boma amalembapo kumene anakhala, achibale, anzake a kunja kwa dziko, mavuto a ndalama ndi a thanzi la maganizo. Wokhala ndi zimenezi safunika khadi lanu. Angathe kukuimbirani akutchula dzina la mlamu wanu ndi adiresi yanu yakale kuti mumukhulupirire. Foni yotere idulani, ndipo muimbe nokha pa nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu la ku banki.