Lona, mipira kapena matailosi: chovundikira damu la pafakitale ndi chiti?

Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kukwezedwa mtunda ndi mapampu. N'chifukwa chake zimapweteka kuona madzi amene mwalipira kale akuuluka ndi dzuwa la Okutobala m'damu la fakitale ku Makata kapena ku Chirimba. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Damu la mamita 40 m'litali ndi 25 m'lifupi likamatsika ndi mamilimita 5 patsiku, ndiye kuti malita 5,000 apita.

Musanaitanitse chilichonse, tsimikizani kaye kuti wakuba ndi dzuwadi. Thirani madzi m'chidebe, chiikeni m'damu momwemo kuti madzi a mkati ndi a kunja alingane, lembani chizindikiro mbali zonse ziwiri, tsekani mapaipi olowa ndi otuluka kwa masiku awiri kopanda mvula. Damu likatsika kwambiri kuposa chidebe, madzi akuthawira pansi, ndipo chovundikira cha pamwamba sichingathetse zimenezo.

Lona lalikulu loyandama, la pulasitiki ya polypropylene yolimbitsidwa ndi ulusi kapena la labala wa CSPE, ndilo limateteza kwambiri. Likaikidwa bwino limachepetsa kuuluka kwa madzi ndi 90 peresenti kapena kuposa, fumbi ndi zitosi za mbalame sizilowa, ndere zimafa posowa kuwala. M'mphepete mwake amalikwirira m'ngalande yozungulira damu lonse kapena kulimanga ndi mabawuti pa konkire. Limafuna zoyandamitsa, timatumba tatitali ta mchenga tolikokera pansi kuti lizipindika madzi akatsika, ndi timabowo totulutsira mpweya. Popanda timabowoti mpweya umaunjikana kunsi, lona limatukumuka, mphepo n'kulipeza pogwira.

Koma chimene chimagwetsa ambiri ndi mvula. Yonse yogwa pa lona imakhala pamwamba pomwepo mpaka pampu iichotse. Pa damu lathu lija, mvula ya mamilimita 50 ndi malita 50,000, matani 50 a madzi atakhala pa lona. Amene anaona mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti imatha kugwa masiku angapo osakata, ndipo nthawi ngati imeneyo ndi imenenso magetsi amavuta. Madzi akachuluka mbali imodzi amakoka lona, misoko imayamba kulekana. Ngati pampu ya pa lona simungailumikize ku jenereta, ndipo mulibe munthu woti azisesa matope ndi masamba m'mipindo, lona lisiyeni. Musalolenso aliyense kuyendapo yekha opanda chingwe, chifukwa wogwera pong'ambika alibe potulukira.

Mipira yoyandama ya pulasitiki yolimba ya HDPE ilibe zonsezi. Mumangokhuthula m'damu, imadzikonza yokha, mvula imadutsa m'mipata n'kukhala phindu lanu. Inatchuka mu 2015 pamene mzinda wa Los Angeles unamaliza kuthira mipira 96 miliyoni m'damu lake, ngakhale kumeneko cholinga chachikulu chinali kutchinga dzuwa kuti mankhwala oipa otchedwa bromate asamapangike m'madzi akumwa. Zozungulira sizigwirana kotheratu, choncho ngakhale zitathithikana bwanji zimaphimba pafupifupi 91 peresenti ya pamwamba. Mipira ya masentimita 10 imafunika 116 pa sikweya mita, kutanthauza 116,000 pa damu lija. Kontena imodzi ya mafiti 40 singakwane, ndipo kuchokera ku doko la Beira kapena Nacala mumakhala mukulipirira kunyamula mpweya.

Pogula funsani ngati mipirayo ili ndi madzi mkati. Yopanda kanthu imapepuka, mphepo imaikankhira ku ngodya imodzi kapena kuitulutsa kunja. Choipa kwambiri n'chakuti imagubuduka. Mbali yonyowa ikabwera pamwamba imauma ndi dzuwa, ina n'kubweranso, ndiye mpira umene munagula kuti usunge madzi ukuthandiza kuwataya.

Matailosi oyandama a pulasitiki, a ngodya zisanu ndi imodzi, amakonza vuto limeneli. M'mbali mwake ndi mowongoka, amagwirana ngati zisa za njuchi, sagubuduka, ndipo mipata imatsala yochepa kwambiri kuposa ya mipira. Madzi akatsika m'damu la m'mbali motsetsereka, otsala amagona pa gombe, akakwera amayandamanso. Muwerengere kuchuluka kwake potengera damu litadzaza, osati mmene lilili tsiku loyeza. Kwa fakitale yomwe madzi ake amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, kapena damu lokhala ndi mapaipi ndi zipilala pakati, ife timaona kuti matailosi ndiwo oyenera. Salingana ndi lona pa kutseka, fumbi limalowabe, koma safuna magetsi kapena mmisiri wowotcherera misoko.

Mipira ndi matailosi zili ndi msampha umodzi. Ikani sefa ya mabowo aang'ono kuposa tailosi pa paipi yokokera madzi ndi potayira madzi osefukira musanathire ngakhale limodzi. Mukaiwala, mvula yoyamba ya Novembala idzawatengera mu ngalande mpaka ku mtsinje wa Mudi. Pa damu la madzi ozimitsira moto sefayo ikhale yaikulu ndiponso yozama, kuti pampu ikakoka mwamphamvu matailosi asamatirire pakamwa pake.

Palinso mankhwala a cetyl alcohol othira pamwamba pa madzi. Ndi otsika mtengo pogula, koma kamphepo pang'ono kamawabalalitsa, amafuna kuthiranso pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo amapulumutsa madzi ochepa. Pa damu la fakitale musavutike nawo.

Za mtundu, wakuda ndiwo umapirira dzuwa chifukwa cha ufa wakuda wa carbon black wa 2 mpaka 3 peresenti amene amasakaniza m'pulasitiki, ndipo wogulitsa akuonetseni chiwerengerochi polemba. Dziwani kuti chovundikira chilichonse chimatseka njira imene madzi amaziziritsira okha. Damu lolandira madzi otentha ochokera ku makina kuti azizire musalivundikire lonse, apo ayi adzabwerera ku makina akadali ofunda. Ngati m'madzimo mumalowa oyilo, dizilo kapena mankhwala osungunula penti, tumizani zotsatira za kuyeza madziwo kwa wopanga chovundikira, ayankhe polemba kuti pulasitiki yake ipirira, kenako ndiye mulipire.