Miyezi 9 Tili ndi Linux Mint pa Laputopu ya Pakhomo

Mu Januwale 2025 ndinaika Linux Mint 22, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, pa laputopu yomwe tonse pakhomo timagwiritsa ntchito. Windows 10 sindinaichotse, ndinangogawa hadi disiki pawiri kuti aliyense azisankha yekha poyatsa. Microsoft inali italengeza kuti pa 14 Okutobala 2025 idzasiya kusamalira Windows 10 monga yakhala ikuchitira kuyambira 2015, ndipo laputopu yathu singalandire Windows 11 chifukwa ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe Windows 11 imafuna. Makinawo akadali olimba, moti kuwaika padera chifukwa cha kachipangizo kamodzi kunandiwawa mumtima. Linux Mint 22 ndi yaulere ndipo idzapitiriza kulandira zokonza za chitetezo mpaka 2029.

Pa kagwiridwe kake ka ntchito ndilibe dandaulo. Laputopu imayaka msanga, pulinta inadziwika yokha nditangoilumikiza, ndipo Firefox (yolowera pa intaneti) ndi LibreOffice (yolembera zikalata) zinabwera zili momwemo. Tsiku lina ndinasokoneza ndekha zinthu poyesa kusintha maonekedwe a sikirini, koma pulogalamu ya Timeshift inabwezeretsa zonse mmene zinalili dzulo lake.

Chomwe chandiphunzitsa zambiri ndi mmene akazi anga anailandirira. Kwa miyezi isanu yoyambirira, nthawi iliyonse akayatsa laputopu ankasankha Windows, ngakhale kuti anavomereza okha kuti Mint si yovuta. Batani lotsegulira mapulogalamu lili pansi kumanzere monga anazolowera, ndipo mawindo amatsekedwa chimodzimodzi. Koma iwo anaphunzira kompyuta pa Windows XP, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 manja awo akhala akudziwa okha kopita popanda kufunsa mutu. Pa Mint palibe C: kapena D:, mafayilo amakhala mu foda ya dzina la mwini wake, ndipo fulashi imaoneka ndi dzina lake osati ndi chilembo. Zimenezi ndi zazing'ono, koma munthu amene akufuna kutumiza kalata mwachangu usiku atatopa sakondwa kuimaima n'kumafunafuna chinthu chomwe kale ankachipeza osayang'ana n'komwe. Poyamba ndinkaona ngati ndi kukana kusintha chabe, ndipo pamenepo ndinawalakwira, chifukwa luso lomwe munthu walipeza m'zaka zambiri ndi chuma chake, ndipo ine ndinkawapempha kuti alisiye.

Zikalata za kuntchito zinawonjezera mantha awo. Anzawo amalemba mu Word, ndipo zikalata zambiri zimabwera ndi zilembo za Calibri, zomwe sizibwera pamodzi ndi Mint. LibreOffice Writer ikapanda kuzipeza imaika zina m'malo mwake, choncho mizere imatha kusuntha ndipo chikalata cha masamba awiri chimatha kufika tsamba lachitatu. Nditaika zilembo za Carlito, zomwe zinapangidwa kuti zizitenga malo ofanana ndi a Calibri, vutolo linachepa kwambiri, komabe iwo ankaopa kuti chomwe akuona pa sikirini yathu sichingakhale chomwe abwana awo akaone.

Chifukwa chachikulu ndinachimva mu Juni, nditabwerako ku ulendo wa sabata imodzi. Anandiuza kuti: "Windows ikavuta ndimafunsa aliyense kuntchito, kapena achimwene anga, koma iyi ikavuta ndiyenera kudikira inu." Mawu amenewa sindinawaiwale. Makompyuta ambiri amagulidwa Windows ili kale mkati, kotero anthu ambiri sanakhalepo pansi n'kuisankha, anangoipeza, ndipo owazungulira onse anaipezanso. Munthu akakhalabe pa pulogalamu yomwe anaizolowera, amakhala akusunganso gulu lonse la anthu amene angamuthandize zikavuta, ndipo ine ndinali nditawachotsera gulu limenelo n'kuwasiyira munthu mmodzi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwakonzera zinthu mwakachetechete. Chikavuta timakhala limodzi, iwo n'kugwira mausi, ine n'kumangolongosola.

Mwana wathu wamkulu sanavutike ngakhale tsiku limodzi, popeza pafupifupi zonse zomwe amachita zimachitikira mu Firefox.

Tsiku la 14 Okutobala ladutsa tsopano. Ine ndimagwiritsa ntchito Mint yokha, ndipo ndingailimbikitse kwa aliyense amene ali ndi makina abwino osalandira Windows 11, bola akhale ndi womuthandiza pafupi m'miyezi yoyambirira. Akazi anga amalowa mu Mint akafuna intaneti ndi maimelo, ndipo amabwerera ku Windows pokhapokha akamamaliza zikalata za kuntchito, koma tinagwirizana kuti Windows isamalumikizidwenso ku intaneti. Sabata yatha anaika okha zokonza zatsopano kudzera mu Update Manager ine kulibe, ndipo Windows ndidzaichotsa tsiku lomwe iwo adzanene kuti sakuifunanso.