Rhino 8 ndi Grasshopper pojambula mashrabiya: nyenyezi 4 pa 5

Mashrabiya ndi zotchinga za pazenera zolukidwa ndi timitengo tosemedwa mozungulira, ngati za pa nyumba ya Bayt al-Suhaymi ku Cairo. Pa ntchito yozijambula pa kompyuta, pulogalamu ya 3D ya Rhino 8 pamodzi ndi Grasshopper, gawo lake lojambulira polumikiza zida, ndi yabwino, bola musailamule kuti ijambule kamtengo kalikonse pakokha.

Chovuta ndi kuchuluka kwa tizidutswa. Mfundo, pomwe timitengo timakumana, zikatalikirana masentimita 5, sikweya mita imodzi imadya mfundo 400 ndi timitengo tolumikiza pafupifupi 800. Pa zenera la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, tizidutswa timakwana 3,600. Tonseto tikakhala Brep, kutanthauza kalikonse kojambulidwa kathunthu pakokha, kompyuta imachita kukwawa. Jambulani mzere wa m'mbali mwa kamtengo kamodzi, muuzungulize ndi Revolve, kenako musandutse kamtengoko Block, chinthu chosungidwa kamodzi koma chooneka malo ambiri. Grasshopper ya mu Rhino 8 ili ndi zida zakezake za ma Block, ndiye imangokabwereza pa mfundo iliyonse, fayilo n'kukhalabe yopepuka. Apa ndi pomwe ndalama yanu imabwerera.

Boolean Union, yophatikiza tizidutswa kukhala chinthu chimodzi, isiyeni. Imakanika pamene tizidutswa tangokhudzana osalowana, komanso siyofunika n'komwe. Amisiri a ku Cairo ankangolowetsa nsonga ya kamtengo m'bowo la kanzake popanda guluu kapena msomali, kuti mtengo ukafufuma ndi chinyezi kapena kuuma ndi dzuwa usang'ambike. Tizidutswa tosaphatikizidwa ndi tomwe timafanana ndi chenichenicho.

Mashrabiya yeniyeni imakhala yothinana m'munsi, molingana ndi maso a munthu, kuti dzuwa lisathobwe m'maso ndiponso odutsa asaone m'nyumba, pomwe m'mwamba mipata imakula kuti mpweya uzidutsa. Chida cha mu Grasshopper chotchedwa Graph Mapper chimachita zimenezi mosavuta: lumikizani kutalika kwa mfundo kuchokera pansi ndi kukula kwa mpata.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha ma data tree, momwe Grasshopper imasanjira zinthu m'nthambi, omwe sachitira chifundo wongoyamba. Mukayika Graft, yomwe imapatsa chinthu chilichonse nthambi yakeyake, pamalo olakwika, mfundo iliyonse imalumikizana ndi zinzake zonse, timizere n'kuchuluka mpaka makina kuima. Yesani kaye pa mfundo 25 zokha, kabokosi koonetsa deta ka Panel kali pomwepo kuti muziona nthambi.

Popita ku Revit, pulogalamu yojambulira nyumba, kudzera mu cholumikizira cha Rhino.Inside.Revit, tumizani feremu ndi thabwa lathyathyathya loboola basi, timitengo titsale mu Rhino. Laisensi ya Rhino mumagula kamodzi, osati kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo pali masiku 90 oyesera ulere.