Seva Yapaesiteti Kapena Cloud: Kodi Deta ya Makampani Akuluakulu a ku Thyolo ndi Mulanje Isungidwe Kuti?

Kampani yaikulu ya tiyi kapena makademiya imasunga m'makompyuta zinthu zimene zikasowa, ntchito imaima tsiku lomwelo: makilogalamu a masamba amene wothyola aliyense waika pasikelo, maina ndi manambala a ziphaso za antchito, malipiro awo, ndalama za alimi ang'onoang'ono ogulitsa tiyi kufakitale, komanso mapangano ndi ogula akunja. Ife osamalira makompyuta m'makampani otere timasiyana maganizo pa nkhani yakuti zonsezi zikhale pa seva yathuyathu, yomwe ndi kompyuta yaikulu yosungira deta, m'chipinda chokhoma pa ofesi yaikulu, kapena zikhale pa cloud, kutanthauza makompyuta akutali ofikirika kudzera pa intaneti, m'manja mwa makampani monga Microsoft ndi Amazon.

Ubwino waukulu wa seva yapaesiteti ndi wakuti siidalira intaneti. M'nyengo ya dzinja, pamene tiyi waphukira kwambiri ndipo othyola ali pamzere ndi madengu awo, kalaliki wapasikelo sangauze kapitawo kuti adikire netiweki pomwe masamba akutenthana mumtanga ndipo thalakitala ikufunika kufakitale. M'zigwa za kunsi kwa phiri la Mulanje netiweki imabwera ndi kupita, ndipo popeza Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera pa zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nawo monga Mozambique ndi Tanzania, zomwe zikaduka sitingachitepo kanthu. Seva yogula imalipiridwanso kamodzi, ndipo eni kampani amamva bwino podziwa chipinda chimene katundu wawo ali.

Komabe chipinda chimenecho chili ndi adani ambiri kuposa mmene mabwana amaganizira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo seva yomwe imazima ndi kuyaka motsatira jenereta sichedwa kuwononga zimene yasunga. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola milatho m'maboma athu ano, zomwe zinasonyeza kuti nyumba yolimba imathanso kulowa matope. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapulogalamu okalamba. Microsoft inasiya kukonza Windows Server 2012 mu Okutobala 2023, ndipo seva yomwe ikuyendabe ndi pulogalamuyi ili ndi mipata imene akuba apaintaneti amaidziwa bwino. Pamalo pamene munthu mmodzi kapena awiri akuyang'anira masikelo, maprinta ndi makamera a esiteti yonse, ntchito yotseka mipata imeneyi imatsalira kumbuyo chifukwa palibe amene amaidandaula mpaka tsoka litagwa.

Pa mbali imeneyi cloud imaposa seva yathu kutali. Microsoft inatsegula malo ake osungirako deta ku South Africa mu 2019, Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, ndipo kumeneko magetsi, alonda ndi kukonza makina zili m'manja mwa akatswiri ochuluka amene kampani ya tiyi singawalembe ntchito. Vuto lake ndi lakuti imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu ya aliyense wolipira madola kuchokera pa kwacha inakwera usiku umodzi. Makampani otumiza tiyi kunja ali ndi mwayi chifukwa amapeza madola, koma kampani yogulitsa malonda ake m'dziko momwe muno iyenera kulingalira bwino isanalowe pangano limene ikalephera kulipira idzatsekeredwa kunja kwa deta yake yomwe.

Pali chinthu china chimene ogulitsa cloud sachinena mokweza. Deta ikakhala pa cloud, khomo lake ndi pasiwedi, ndipo khomolo lingagogodedwe ndi munthu wokhala kulikonse padziko lapansi. Wowerengera ndalama akanyengedwa ndi imelo yabodza n'kulemba pasiwedi yake pa tsamba lachinyengo, alonda a malo osungirako deta aja sangamupulumutse. N'chifukwa chake cloud yopanda chitsimikizo chachiwiri, monga nambala yotuluka pa foni ya mwini akaunti, ndimaiona yoopsa kuposa seva yakale. Lamulo loteteza deta la 2024, limene MACRA imayang'anira, limaikanso malire pa kutumiza kunja zinthu zokhudza anthu, ndipo udindo woteteza maina ndi malipiro a antchito umakhalabe pa kampani ngakhale makinawo ali a eni ena.

Njira zonse ziwirizi zimafooka pamaso pa akuba amene amatseka mafailo n'kumafuna dipo. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina analowedwa ndi anthu ofuna ndalama. Failo yotsekedwa pa kompyuta imatha kukopedwa yokha kupita pa cloud ili yotsekedwa chomwecho. Mu 2017 pulogalamu yoononga ya NotPetya inafafaniza makompyuta a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk, ndipo chimene chinathandiza kuti adzukenso chinali seva imodzi ya ku Ghana yomwe inapulumuka chifukwa magetsi anali atazima panthawiyo.

Kwa kampani ya kuno, ine ndingaike imelo, mabuku a ndalama ndi mapangano pa cloud, koma masikelo ndi zafakitale ndingazisiye pa seva yaing'ono yapaesiteti yomwe imatumiza zolemba zake netiweki ikabwera. Pamwamba pa izo pakhale kope lachitatu pa disiki yosalumikizidwa ndi china chilichonse, yotsekedwa ndi chinsinsi, yosungidwa kutali ndi fakitale. Kope limenelo liyesedwe mvula isanayambe, pobwezeretsa malipiro a mwezi wathunthu pa kompyuta ina, woyang'anira zachuma ali pomwepo kuti aone ngati ziwerengero zikugwirizana ndi za m'mabuku ake.